Ndalipira £45 kukalawa wisiki wa cask strength, koma ndangomva moto wokhawokha

Kadziwotche_G42
Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni ndisanataye ndalama zina. Loweruka lapitali mnzanga wakuntchito anandikokera ku mwambo wolawa wisiki pa sitolo ina kuno ku Glasgow. Aliyense analipira £45. Anatiikira timatambula tisanu, kalikonse kali ndi kamowa kongonyowetsa pansi. Mkulu woyendetsa mwambowo anati onsewo ndi cask strength, ndipo ena mwa iwo mabotolo ake anangotuluka 200 kapena 300 dziko lonse lapansi.

Ine koyambako ndinangogugudiza kamodzi ngati mmene timachitira kwathu. Misozi chuchuchu, kutsokomola, mphuno kuchucha. Anzanga a pathebulo ali phee, kununkhiza. Wina akuti akumva mphesa zouma, wina keke ya Khirisimasi, mayi wina akuti chikopa cha mpando wakale. Ine moto basi. Pofika kachitatu lilime linali litafa, akanandipatsa palafini sindikanadziwa.

Ndiye ndifunse. Kodi anthu amenewa amamvadi zimene amanenazi, kapena amangonamizana poti alipira? Nanga botolo likalembedwa kuti limited edition, ndiye kuti ndi labwino kuposa ena, kapena ndi njira yotidyera?

Bwande77
Dzina munasankha bwino achimwene. Kadziwotche weniweni, kuona moto n'kugweramo.

MalumeWaLeith
Musawaseke a Bwande, tonse tinayambira pomwepo. Achimwene, mowawo sunalakwe, kamwedwe ndiye kanalakwika.

Wisiki wa 40% amene timagula m'masitolo akuluakuluyu amakhala atathiridwa kale madzi asanalowe m'botolo. Mu mgolo wamatabwa momwe amakhwimiramo amakhala waukali kwambiri. Mafakitale ambiri kuno amadzaza migolo mowa uli pa 63.5%. Lamulo limati akhale mu mgolo wa mtengo wa oak zaka zosachepera zitatu, konkuno ku Scotland, ndipo asatsike kuchepera 40%, apo ayi si Scotch. Pa zaka zimenezo mowa wina umauluka kudzera m'matabwa, pafupifupi 2% ya zili mumgolo chaka chilichonse, eni ake amati ndi gawo la angelo. Poti kuno n'kozizira ndiponso kwachinyontho, ukali umanka nutsika pang'onopang'ono. Ndiye cask strength n'kungotunga mumgolo n'kuika m'botolo osathira madzi. N'chifukwa chake pabotolo mumaona manambala osongoka ngati 54.7 kapena 59.2.

Kalawidwe kake, kwa ine, ndi aka. Musalowetse mphuno m'tambula, iwotcha. Ikhale patali pang'ono, pakamwa mutayasamulako. Kenako kadontho chabe palilime, kochepa kuposa theka la kasupuni ka tiyi, mukasiye kasakanikirane ndi malovu musanameze. Koyambako n'kongodzutsa pakamwa, musakaweruze. Dikirani mphindi zingapo. Mukatero thirani madzi madontho atatu kapena anayi, pukusani, nunkhizaninso. Fungo limasintha, sindikunama. Mukafuna thiraninso mpaka moto utachoka koma kukoma kusanasukuluke. Katambula kamodzi kangakutengereni theka la ola.

Kodi pathebulopo panalibe kajagi ka madzi?

Kadziwotche_G42
Kanalipo malume. Ndimayesa n'kotsukira m'kamwa.

Bwande77
Ndafa ine.

Dzombe_Aberdeen
Apa pa madzi ndiye sindigwirizana nanu malume. Munthu wagula botolo la £90 chifukwa silinathiridwe madzi, kenako iye mwini n'kukathiramo madzi a pampopi? Bwanji osangogula wa 40% wa £30 uja n'kusunga chenji? Ine ndimamwa mmene watulukira mumgolo. Amene sangathe amwe Fanta.

MalumeWaLeith
A Dzombe, ndiwo yothira mchere wokha ndi ndiwo yobwera itathiridwa kale sizifanana. Wa 40% uja anakusankhirani ndi a kufakitale, simungachotsemo madzi. Uyu mumasankha nokha, lero pa 55, mawa pa 48, ndipo botolo limodzi limakoma mosiyana.

Chachiwiri, mabotolo ambiri a 40% amasefedwa atazizidwa kwambiri kuti asamachite chifunga munthu akathira ayisi. Kusefako kumachotsa timafuta tina, ndipo ambirife timakhulupirira kuti timafutato ndi tomwe timapangitsa wisiki kumveka wonenepa pakamwa. Ambiri amathiridwanso mtundu wa karamelo, lamulo limalola. A cask strength ambiri sachitidwa ziwirizi. Mukathira madzi n'kuona akuchita mbuu pang'ono, musadabwe, ndi timafuta timeneto.

Ndipo dziwani kuti akatswiri osakaniza wisiki m'makampani, anthu oti mphuno ndiye khasu lawo, ponunkhiza amatsitsa mpaka cha m'ma 20%. Kodi nawonso amwe Fanta?

Dzombe_Aberdeen
Iwowo ali pantchito, akufufuza zolakwika. Ine sindili pantchito.

Kamtedza_Lab
Ndilowererepo pang'ono. Mu 2017 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Linnaeus ku Sweden, Björn Karlsson ndi Ran Friedman, anafufuza nkhani yomweyi pakompyuta. Anayang'ana kanthu kotchedwa guaiacol, komwe kamapereka fungo la utsi. Anapeza kuti mowa ukakhala waukali kwambiri, kanthuka kamamira mkati, koma ukali ukatsika kamabwera pamwamba pomwe mphuno ingakapeze. Sikuti kafukufukuyo anati thirani madontho angapo akutiakuti, ayi, koma akusonyeza kuti za malumezi si zikhulupiriro chabe.

Masamu ake ndi awa kwa ofuna: 25ml ya wisiki wa 60% mukathiramo madzi 12.5ml, mwafika pa 40%. Kutanthauza kuti botolo la 70cl la 60% lili ndi mowa wofanana ndi botolo limodzi ndi theka la 40%. Msonkho wa boma nawonso amawerengera pa ukali, choncho gawo lina la mtengo wokwerawo likuchokera pamenepo.

Dzombe_Aberdeen
Chabwino, madontho awiri ndingalole. Koma ndinaona munthu akuthira Coke mu Lagavulin 12. Ameneyo ndiye sitidzalankhulana.

MdzukuluWaNachisale
Ine nkhani yonseyi ikungondikumbutsa agogo anga ku Dedza. Ankatcheza kachasu kuseri kwa nyumba, madeya ndi shuga, mphika pamoto, paipi yodutsa m'mwadiya wa madzi ozizira. Botolo loyamba kudontha ankati mutu, ndipo linali ndi mtengo wakewake. Madoda akabwera ankathira pang'ono pansi n'kuyatsa machesi. Likayaka ndi lawi labuluu ankagwedeza mutu kuti eya. Ndiye cask strength ameneyu si mutu womwewo wavala taye?

MalumeWaLeith
Mwandiseketsa, koma pali kusiyana kwenikweni. Kuno mutuwo ndi umene sagulitsa. Pakutcheza kachiwiri mu miphika ya kopa ija amagawa patatu: zoyamba kutuluka, zapakati, ndi zotsirira. Zoyamba ndi zotsirira amazibwezera mumphika kuti zitchezedwenso, mumgolo mumalowa zapakati zokha. Zoyambazo zimanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo.

Koma za machesi agogo anu sanali patali. Angerezi akale akuti ankanyowetsa onga wamfuti ndi mowa n'kuyatsa, ukayaka ndiye kuti mowawo ndi wokwana. Muyeso wawo wa 100 proof ndi 57.1% ya masiku ano. N'chifukwa chake pali botolo la Glenfarclas 105: 105 wa muyeso wakalewo ndi 60%. Banja la a Grant ku Ballindalloch linayamba kuligulitsa mu 1968, nthawi imene anthu ambiri sankaganizako zogula wisiki wosathira madzi.

MdzukuluWaNachisale
Ndiye agogo akanakhala ndi migolo ya oak bwenzi pano tili olemera.

MaiWaMvano
Ana inu, ine ndangodutsa ndaona mutu wankhani. £45 usiku umodzi, kukalawa chabe? Mwawerengera kuti ndi matumba angati a chimanga kumudzi? Pa gulu lomweli mwezi watha timasonkherana za maliro, ena munati zinthu zavuta. Sindikuweruza munthu, koma mowa wa 60 peresenti umenewo si wopsereza chiwindi?

Bwande77
Mayi afika. Bisani matambula.

Kadziwotche_G42
Mayi, chopereka cha maliro ndinapereka, mufunse a msungichuma. Kumudzi ndimatumiza mwezi ndi mwezi. Nanenso ndine munthu, ndimagwira mashifiti ausiku, kamodzi pachaka ndilaweko za dziko la eni.

NamwinoWaPaisley
Mayi ali ndi mfundo pa za chiwindi, tisawaseke. Ine ndimaziona kuwodi. Kuno amalangiza kuti munthu asapyole mayuniti 14 pasabata. Katoti ka 25ml ka 40% ndi yuniti imodzi, koma ka 60% ndi imodzi ndi theka. Botolo lathunthu la 60% ndi mayuniti 42, ndiye kuti masabata atatu athunthu. Ndipo kunyumba palibe amene amayeza 25ml, dzanja limalemera. Madzi amene mukuthirawo sachotsa mowa, amangoubisa.

A Kadziwotche, timatambula tisanu tija ndikhulupirira simunayendetse galimoto pobwerera. Malire a mowa wopezeka m'magazi a woyendetsa galimoto kuno ku Scotland ndi otsika kuposa a ku England kuyambira December 2014, 50mg osati 80mg.

Kadziwotche_G42
Ndinakwera basi achemwali. Ndipo awiri omalizawo sindinamalize n'komwe.

MaiWaMvano
Chabwino. Ine ndanena. Lamulungu ndikuoneni kutchalitchi muli ndi maso oyera.

Chiphadzuwa_Dundee
Tibwerere ku funso lachiwiri lija, poti silinayankhidwe ndipo ndi lomwe limandipweteka.

Limited edition sikutanthauza kukoma. Kumatanthauza kuti mabotolo ndi ochepa, basi. Mgolo umodzi wa malita 250 ukakhala zaka khumi ndi zingapo umatulutsa mabotolo cha m'ma 300 kapena kucheperapo. Mgolo waukulu momwe munali sherry, vinyo wa ku Spain, wa malita 500, ungatulutse cha m'ma 600. Ndiye aliyense wogula mgolo umodzi n'kuuika m'mabotolo ali ndi ufulu wolemba kuti limited, ngakhale mgolowo utakhala wotopa.

Ine zinandionekera chaka chatha. Ndinagula pa intaneti botolo la single cask, kutanthauza la mu mgolo umodzi wokha, kwa kampani ina yoika m'mabotolo payokha, zaka 13, mgolo wa sherry, mtundu wakuda bii ngati tiyi wopanda mkaka, chizindikiro chokongola, nambala ya botolo yolembedwa pamanja. £110. Kutsegula, fungo la machesi ozimitsa kumene ndi mphira wa tayala. Ndinathira madzi, linakula. Ndinalisiya miyezi iwiri litatsika mpaka paphewa poganiza kuti mpweya ulikonza, linachepako pang'ono chabe. Ndinadzamva kuti migolo ina ya vinyo amaifukiza ndi makandulo a salifa kuti isaonongeke paulendo, ndipo fungo limenelo limalowa mu wisiki. Chodabwitsa, mlamu wanga analawa n'kunena kuti sakumva chilichonse cholakwika. Anthu ena mphuno zawo sizigwira salifa. Ndinamupatsa botololo, mpaka lero amandiyesa munthu wachifundo.

Kuyambira pamenepo sindigula single cask ndisanalawe.

Dzombe_Aberdeen
Achemwali, mtundu wakuda ndiye msampha. Anthu akaona wakuda amathamangira. Wisiki wokoma kwambiri amene ndinalawapo anali woyera ngati madzi a mpunga, wa mu mgolo wa bourbon, wisiki wa ku America uja, wogwiritsidwa kale ntchito.

VendaWopumaPantchito
Vuto lina ndi mavenda, ndipo ndikunena monga munthu amene ndinachitako. Yesani kupeza Springbank 12 wa cask strength kapena Local Barley tsiku lotuluka. Fakitale ya ku Campbeltown ija ndi yaing'ono, zonse kuyambira kumeretsa chimera mpaka kuika m'botolo imachitira pamalo pomwepo, ndiye mabotolo sachuluka. Masitolo ena amachita maere, ena botolo limodzi pamunthu. Sabata isanathe mabotolo omwewo ali pa okushoni ya pa intaneti, mtengo utakwera. Chimodzimodzi mabotolo a Fèis Ìle, chikondwerero cha pachilumba cha Islay chakumapeto kwa May chija, anthu amaima pamzere mbandakucha, ena oti wisiki samwa n'komwe.

Onse amalota Macallan wa 1926 amene anagulidwa pa okushoni ya Sotheby's ku London mu November 2023 pa mtengo woposa £2 miliyoni. Koma limenelo ndi botolo limodzi mwa 40 okha. Lanu la mabotolo 12,000 silidzafika kumeneko. Ine ndili ndi asanu ndi limodzi pamwamba pa wadirobu amene ndikawagulitsa lero, kuchotsa za okushoni ndi zotumizira, ndiluza.

Bwande77
Bweretsani tikuthandizeni kuluza.

Chiphadzuwa_Dundee
Mwa njira, chilumba cha Islay chija amachitchula kuti Aila, osati Isilei. Ndinachita manyazi nazo pa bala ina.

MalumeWaLeith
Kwa munthu woyamba ngati a Kadziwotche, ine ndingati siyani kaye za single cask. Pali a cask strength otuluka m'magulumagulu, migolo yambiri kusakaniza pamodzi, ndiye mgolo umodzi woipa umabisika. Aberlour A'bunadh ndi wa migolo ya sherry ya oloroso, amakhala cha m'ma 60%, gulu lililonse lili ndi nambala yake pabotolo. Glenfarclas 105 ndatchula kale. Ofuna utsi, Laphroaig 10 wa cask strength. Amenewa simuchita kuima pamzere.

Ndipo musagule botolo, pitani pa bala ya wisiki mugule toti imodzi. Kuno ku Leith kuli Scotch Malt Whisky Society, inayamba mu 1983, likulu lake ndi nyumba yakale yotchedwa The Vaults. Iwo amaika mgolo umodziumodzi m'mabotolo osathira madzi, ndipo salemba dzina la fakitale, amangolemba manambala awiri: yoyamba ya fakitale, yachiwiri ya mgolo. Cholinga n'choti ulawe ndi lilime, osati ndi dzina. Mabotolo amagula ndi mamembala, koma mukabwera ndikulowetsani ngati mlendo wanga.

Kadziwotche_G42
Zikomo malume. Koma funso langa loyamba lija likadalipo. Keke ya Khirisimasi ija amaimvadi?

MdzukuluWaNachisale
Amaimva, chifukwa anakula nayo. Inu munakula nayo? Apa ndi pomwe ambirife timasochera. Timafuna kumva zinthu zomwe mphuno yathu sinakumaneko nazo. Ine ndinavutika chaka chathunthu ndikufunafuna zimene zalembedwa kuseri kwa botolo. Tsiku lina ndikununkhiza Laphroaig ndinangoona ndili pa Chia, pamsewu wa ku Nkhotakota, pomwe amayi amawamba nsomba. Utsi, mchere, kafungo ka ndere za m'madzi, ndi kamankhwala ka pachipatala cha mishoni. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwerenga zolembedwazo.

Wa mu migolo ya bourbon kwa ine ndi nthochi yakupsitsa, nzimbe, nthawi zina chigumu chongophula. Wa sherry ndi mtedza wokazinga wopserera pang'ono, ndi masuku oti ayamba kufewa. Ndinalawapo wina wowawasa mokoma ngati ufa wa malambe. Palibe mzungu angakuuzeni zimenezo.

Dzombe_Aberdeen
Apa ndiye tagwirizana. Bambo anga ankalima fodya wa chikopa ku Lilongwe, wofukiza ndi utsi uja. Ndikatsegula Lagavulin ndimakhala ngati ndatsegula chitseko cha nyumba yofukiziramo fodya m'mawa. Mayi uja anati chikopa cha mpando, ine ndikanati chikopa cha bambo, tonse tikanakhoza.

Kamtedza_Lab
Utsi umenewo umachokera ku peat, dothi lakuda la m'madambo lomwe amakumba, kuumitsa, n'kusonkha poumitsa chimera cha barele. Amauyeza pachimera ndi muyeso wotchedwa ppm, kutanthauza magawo pa miliyoni. Laphroaig ndi Ardbeg ali cha m'ma 40 mpaka 55. Octomore wa ku Bruichladdich ndiye wopenga, wina wotchedwa 08.3 anafika 309. Koma nambala ya pachimera si imene imafika m'tambula, wambiri umatsalira potcheza, choncho musayembekeze utsi wochuluka kasanu ndi kamodzi.

Chofunika polawa angapo: wautsi akhale womaliza. Mukayamba ndi iye, ena onse amveka ngati phulusa.

AnkoloAkuArea25
Moni a kunja. Ife kuno ku Lilongwe tikungowerenga ndi malovu. Mwana wanga anandibweretsera A'bunadh chaka chatha mu October, kutentha kwake mukukudziwa. Kuthira m'tambula fungo la mowa limachita kukumenya patali. Ndinaika ayisi. Ndinalakwa?

MalumeWaLeith
Simunalakwe ankolo. Malangizo oti osaika ayisi analembedwa ndi anthu okhala m'nyumba zozizira. Kuzizira kwambiri kumatsekereza fungo, n'zoona, ndiye m'malo mwa ayisi yesani madzi a mufiriji pang'ono, kapena kachidutswa kamodzi kakang'ono. Botolo likhale choimirira, kumdima, osati pawindo. Mukaligoneka, ukali umenewo umadya chitsekerero.

NamwinoWaPaisley
Onyamula kupita nawo kumudzi, m'chikwama chachikulu cha mundege amalola mpaka malita 5 ngati ukali uli pakati pa 24% ndi 70%, botolo losatsegula. Za msonkho wa pa Kamuzu kapena pa Chileka ndi nkhani ina, funsani musananyamuke. Kulungani m'chitenje, ine lina linandiswekera mu zovala za ana.

AnkoloAkuArea25
Vuto la kuno si msonkho, ndi alendo. Botolo lija linatha tsiku la chinkhoswe, ena akusakaniza ndi Sobo.

Dzombe_Aberdeen
Ankolo, mwandiwonongera tsiku.

Kadziwotche_G42
Ndabwerera abale. Dzulo nditaweruka ndinapita pa bala ina mtauni, ndinagula toti imodzi ya Glenfarclas 105 ndi kajagi ka madzi. Ndinakhala nayo mphindi 40, mpaka wogulitsa anandifunsa ngati zili bwino. Kadontho koyamba kanawotchabe. Nditathira madzi kachitatu moto unagonja. Keke ya Khirisimasi sindinaimve. Ndinamva shuga wopserera pansi pa poto, uja amayi ankapangira maswiti ogulitsa kusukulu, ndi kafungo ka mtedza. Nditamaliza ndinanunkhiza tambula yopanda kanthu, fungo linali lokoma kuposa poyamba, zimenezo palibe anandiuza.

Tsopano ganizo langa ndi ili. A Venda ali ndi mabotolo asanu ndi limodzi akungogona pa wadirobu. Tikasonkhana anthu khumi, botolo la 70cl ndi 7cl aliyense. Ndani alowa?

Chiphadzuwa_Dundee
Ndalowa, koma ndiyambe ndanunkhiza ine. Likakhala la salifa tiitane mlamu wanga.

VendaWopumaPantchito
Limodzi lokha. Ndipo mulipire mtengo umene ndinagulira, osati wa pa okushoni, umenewo ungandichititse manyazi.

Bwande77
Ine ndibweretsa kajagi kotsukira m'kamwa.

MalumeWaLeith
Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa, kunyumba kwanga, 4 koloko. Idyani nsima musanabwere, ndipo magalimoto musiye kwanu. A Dzombe, madzi ndiika patali ndi inu.